Ndasiya msambo, khungu lauma, likuyabwa ndipo masaya agwa: nditani?

Funso: "Adokotala, ndili ndi zaka 51, ndimakhala ku Luchenza. Nyengo ya tiyi ndimakathyola ku esiteti, masiku ena ndimagulitsa tomato pamsika. Msambo unasiya kumayambiriro kwa chaka chatha. Chiyambire pamenepo khungu langa silikumva mafuta, ndikadzola m'mawa pofika 10 koloko miyendo yatuwa kale mbuu. Usiku kumayabwa ngati pakuyenda nyerere koma ndikayatsa tochi palibe kanthu. Masaya agwa, atuluka madontho akuda, pachibwano pamera tindevu. Alamu anga akuti wina wandichita chipongwe, mnzanga akuti ndikagule mafuta a m'kachubu ku Limbuli. Nditani?" Mayi wa ku Luchenza

Mayi, palibe amene wakuchitani chipongwe. Zonse mwatchulazi, kuuma, kuyabwa, masaya kugwa mpaka tindevu ito, gwero lake ndi limodzi, ndipo mutafunsa amayi amsinkhu wanu pamzere wa sikelo ya tiyi paja mungadabwe kuti ambiri zikuwachitikira, kungoti nkhani zake sitikambirana. Mwadutsa miyezi 12 osaona msambo, nde kuchipatala timati mwasiyadi, ndipo zaka 51 ndi nthawi yake, amayi ambiri zimawapeza pakati pa zaka 45 ndi 55. Pokhapokha ngati mukubayitsabe jakisoni wolera wa miyezi itatu uja, ameneyo amatha kuimitsa msambo payekha munthu nkumati wasiya chonsecho sanasiye. Ngati ndi choncho mukawauze anamwino a kulera akuthandizeni kuona pomwe muli.

Tiyambe ndi zomwe zikuchitika mkatimo. Pali homoni yotchedwa estrogen, imapangidwa kwambiri m'timatumba ta mazira tija tili mbali ziwiri za chiberekero. Ambiri amangoidziwa kuti ndi ya msambo ndi mimba koma khungu nalo limadalira yomweyo. Pansi pa kachikopa kapamwamba kamene timakaona pali gawo lokhuthala, m'menemo muli timaselo totchedwa fibroblast, ntchito yake kupanga collagen yemwe amalimbitsa khungu, elastin yemwe amalibweza mukalikoka, ndi hyaluronic acid yemwe amasunga madzi. Timaselo timeneti timagwira ntchito molimbika estrogen ikakhalapo. Ikachepa timachita ulesi, pomwe collagen wakale akupitirizabe kuphwanyika tsiku ndi tsiku monga mwa nthawi zonse. Zili ngati matiresi omwe siponji yake yatha, nsalu yapamwamba ndi yomwe ija, sinang'ambike, koma yachita makwinya ndipo yalowa m'kati chifukwa chomwe chimaikunga pansi chachepa.

Ndipo sizipita pang'onopang'ono ayi, nchifukwa chake inu mukuona ngati zachitika mwadzidzidzi. Pa zaka 5 zoyambirira mayi atasiya msambo, khungu limataya pafupifupi 30 peresenti ya collagen wake, kenako zimadekha nkumachoka pafupifupi 2 peresenti pachaka. Inu muli m'kati mwenimweni mwa zaka 5 zimenezo. Yesani izi: tsinani khungu la kuseri kwa dzanja, muligwire pang'ono kenako mulisiye, muone mmene likuchedwera kubwerera, kenako mutsine la mwana wanu wa zaka 20. Kusiyana kumeneko ndi collagen ndi elastin basi. Kumaso kumaonjezerapo zina, mafuta a m'masaya amachepa ena nkutsetserekera kunsi kwa nsagwada, mafupa a kumaso nawo amaphwa pang'ono chifukwa estrogen yomweyo ndi imene imasunga mafupa, ndipo ngati munazulitsa mano a m'mbali tsaya limaloweratu. Ife akhungu lakuda makwinya ang'onoang'ono aja amatichedwera kusiyana ndi azungu, chimene chimatipeza msanga ndi kugwa kwa masaya ndi kuderako mwa apo ndi apo, ndendende zomwe mwalembazi.

Kuuma nako. Kachikopa kapamwamba kali ndi mafuta akeake omata timaselo take kuti madzi asathawe, ndipo estrogen ikachepa mafuta amenewo amachepa, madzi amauluka msanga, khungu nkuchita timing'alu tosaoneka ndi maso. M'timing'alu timeneti sopo, thukuta ndi fumbi zimalowa nkukafika pa timitsempha, kuyabwa kuja nkuyamba. Miyendo kutsogolo kuno ndi kumene kumayamba chifukwa nkale lonse kuli tizopangira mafuta tochepa. Za nyerere zija si inu nokha, amayi ena amazimvadi panyengo imeneyi popanda chilichonse choyenda pakhungu. Usiku zimanyanya chifukwa thupi limafunda m'bulangete, ndipo ngati mumamva kutentha kobwera mwadzidzidzi kuja kochokera pachifuwa kukwera kumaso mpaka thukuta kamukamu, thukutalo likauma limasiya khungu lowawa. Kutenthako musayembekeze kuti kutha mwezi wamawa, kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa SWAN anapeza mu 2015 kuti kumatha zaka zoposa 7 mwa amayi ambiri amene kumawavuta, ndipo mwa amayi akuda kumafika zaka 10.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna tichedwepo, chifukwa zambiri zimene zimaonjezera vutoli timazichita tokha kubafa. Kuno kwathu June ndi July chiperoni chikagwa munthu amafuna madzi otentha kwambiri, amatenga sopo yemwe uja wamtanda wochapira zovala, chinkhupule, kenako mwala kukhula miyendo mpaka imveke kuti yayera. Muli ndi zaka 30 khungu limapirira zimenezi chifukwa pofika madzulo labweza kale mafuta ake. Pano silingathe. Madzi otentha amasungunula timafuta totsala tija, sopo wochapira ndi waukali, ndipo mwala umakanda kachikopa komwe kapyapyala kale. Mukatuluka mumadzipukuta mpaka gwaa, mumavala, mumaphika kaye phala, mafuta mumadzola patapita ola khungu litauma kalekale. Nde mukuti silikumva mafuta, zoona, chifukwa mafuta sabweretsa madzi, amangotsekera omwe alipo.

Sinthani motere kwa mwezi umodzi muone. Madzi ofunda chabe, osati otentha. Musambe mwachangu. Sopo akhale wosambira, wosanunkhira kwambiri, osati aja amati opha majeremusi, ndipo mupake m'khwapa, m'mphechepeche, kunsi kwa mabere ndi kumapazi, kwinako madzi okha akwana pokhapokha mwadetsedwa ndi matope. Mwala usiyireni zidendene. Mukatuluka musadzikhule ndi thaulo, mungodzigundagunda, ndipo khungu likadali lonyowa, musanavale nkomwe, pakani Vaseline wamba wopanda fungo. Ngati muli ndi gilisalini, thirani timadontho padzanja lonyowa musakanize ndi madzi mupake kaye, Vaseline pamwamba. Gilisalini yekha pakhungu louma amangonanda. Madzulo musanagone mubwereze miyendo ndi mikono. Ku famase mukapeza mafuta olembedwa urea 5 kapena 10 peresenti ndi abwino kwambiri pa miyendo yotuwa, kungoti amaluma pamene mwakanda mpaka kutupula. Aqueous cream uja ambiri amamudzola tsiku lonse, koma amagwira bwino ngati chosambira m'malo mwa sopo, kumusiya pakhungu ena amawayabwitsa. Maloshoni amadzimadzi onunkhira aja ndi ndalama yongotaya pa khungu ngati lanuli. Zikhadabo muwenge. Piriton amagonetsa tulo usiku woyabwa kwambiri koma sachiza kuuma, musamuzolowere. Komanso kuotha moto moyandikira kuja, miyendo pambaula mpaka kuchita mbala, kumaumitsa khungu ndipo mabala ake pa msinkhu uno amachedwa kuzilala.

Madontho akuda kumaso alipo amitundu ingapo, ndipo sindingakuuzeni anu ndi ati ndisanawaone. Pali zigamba zofiirira zokula m'masaya ndi pachipumi, zija ena zimawayamba ali oyembekezera kapena akumwa mapiritsi olera, dzina lake melasma. Pali timadontho tadzuwa. Pali tinthu takuda totukuka ngati tinjerewere kuzungulira maso ndi m'khosi, timeneti ndi takumtundu, muone kumaso kwa mayi anu kapena azakhali anu, sitoopsa, musamatidule ndi lezala kapena kumanga ulusi chifukwa chipsera chake chimada kuposa kanthuko. Pa zigamba ndi madontho, mahomoni amangotsegula njira, amene amadetsa ndi dzuwa. Khungu lakuda lili ndi chitetezo chake inde koma sichokwanira munthu woima m'munda wa tiyi kuyambira m'mawa mpaka masana kuyambira December mpaka April, ndipo mitambo ya ku Thyolo isakupusitseni, kuwala kowononga kuja kumadutsa mitambo. Dzuwa lomwelo limaphwanyanso collagen, nde onani, mkati estrogen yasiya kumanga, kunja dzuwa likugumula. Yerekezani khungu la pamkono wanu ndi la pantchafu pomwe chitenje chimaphimba, zaka zake ndi zimodzi koma sizifanana.

Duku lokha silitchinga masaya. Pezani chipewa cha khonde lalikulu, olo cha mlaza, muvale pamwamba pa duku, malaya a manja aatali, ndipo pamsika khalani pansi pa ambulera kapena kashedi. Mafuta oteteza kudzuwa aja ambiri amati ndi a anzathu achialubino okha, ayi ndi a aliyense, ngati thumba likulola gulani olembedwa SPF 30 kapena kuposa muzipaka kumaso, m'khosi ndi kuseri kwa manja m'mawa, mubwereze masana mukachita thukuta. Ngati sililola, chipewa chija chikugwirirani ntchito yaikulu.

Za kachubu ka mnzanu uja, chonde ayi. Sindikudziwa kuti akunena kati koma timachubu toyeretsa timene timayenda m'misika ndi m'mabasiketi tambiri timakhala ndi clobetasol kapena betamethasone, werengani timalemba tating'ono m'mbalimo muona. Amenewa ndi mankhwala amphamvu a gulu la steroid, kuchipatala timawalemba pa matenda ena apakhungu kwa masabata ochepa, ndipo kumaso timawapewa. Chimene chimapusitsa anthu nchakuti masabata awiri oyamba amachitadi zodabwitsa, kuyabwa kumaleka, nkhope nkuwala, anthu kumsika nkuyamba kufunsa mukudzola chani. Koma steroid amaletsa timaselo tija kupanga collagen, ntchito yomweyo imene kuchepa kwa estrogen kwayamba kale. Pakatha miyezi khungu limapyapyala mpaka timitsempha kumaonekera, mizere ngati ya mimba imatuluka m'mikono ndi m'ntchafu ndipo imeneyo siichoka, ziphuphu zimabuka, chipere chimafalikira mobisala, tsitsi lakumaso limachuluka, bala laling'ono limatenga nthawi kupola. Ukasiya nkhope imayaka nkuda kuposa poyamba, nde munthu amabwereranso kukagula, nkukhala kasitomala wamuyaya. Opaka thupi lonse kwa nthawi yaitali mankhwalawa amalowa m'magazi nkukweza shuga ndi BP.

Ena amakhala ndi hydroquinone. Ameneyu madokotala amamugwiritsa ntchito pa melasma mwa muyezo kwa miyezi yochepa, koma kumupaka zaka uku ukuyenda padzuwa kumabweretsa kuda kwa bii kokhala ngati kwabuluu pamafupa a masaya, kokhakhala, dzina lake ochronosis. Madokotala a ku South Africa anakulemba mu 1975 ataona amayi ambiri akuda atawonongeka nkhope, ndipo dzikolo linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990. Kukachita kumeneko kuchiza kwake nkovuta zedi. Muyang'ane bwino pamsika, muona amayi ena nkhope yoyera koma pamasaya pali zigamba zakuda ngati anapsa, timfundo ta zala takuda, ambiri mwa iwo ndi zimenezi. Ndipo sopo ndi mafuta ena amakhala ndi mercury yemwe amawononga impso, ameneyo nthawi zambiri salembedwa nkomwe pachikuto. Kwa amene akuwerenga pano ali kale pa timachubu kwa miyezi, musasiye lero lomwe mwadzidzidzi, tengani kachubuko mupite nako kuchipatala akuthandizeni kutsika pang'onopang'ono.

Tindevu ndi nkhani yaifupi. Mayi aliyense ali ndi mahomoni achimuna pang'ono chibadwire, estrogen ndi imene imawaphimba. Iyo ikatsika msanga iwo nkumatsika mochedwa, mphamvu yawo imaonekera pachibwano ndi pamlomo wapamwamba, ena ziphuphu zimabwerera m'nsagwada, pomwe tsitsi la pamutu likupyapyala paliwombo. Dulani ndi sizasi kapena zulani kamodzikamodzi ngati ndi towerengeka. Kumeta sikuchulukitsa ndevu, limenelo ndi bodza, vuto la lezala ndi loti tsitsi lathu lopotana limabwerera m'khungu nkusiya tiziphuphu ndi madontho. Koma zikamera zambiri pa miyezi yochepa, mawu nkuyamba kunenepa, dazi nkuyamba, pitani akakuyezeni. Kumutu pewani zoluka zothina, mesh yolemera ndi rilakisa pafupipafupi, tsitsi la m'mphepete likachoka pamsinkhu uno nthawi zambiri silibwerera.

Pali malo ena omwe simunatchule koma ndiwatchula ine. Khungu la kumaliseche ndi njira ya abambo limadalira estrogen kuposa kwina kulikonse, limapyapyala, limauma, pogonana pamawawa, pokodza pamatentha, ndipo mosiyana ndi kutentha thupi kuja izi sizitha zokha. Musaikeko zitsamba kapena zoumitsa, musatsuke mkati ndi sopo. Ku famase kuli mafuta oterera ogwiritsa ntchito pogonana, Vaseline ayi ngati mukugwiritsa kondomu chifukwa amaiboola. Kulinso kirimu wa estrogen wopaka kumeneko, muyezo wake ndi wochepa ndipo amathandiza kwambiri, amalemba ndi dokotala. Zoti mayi wosiya msambo akagona ndi bambo mimba imatupa chifukwa zinthu zilibe potulukira, si zoona.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangobwezeretsa estrogen yo. Mankhwala ake alipo, amatchedwa HRT, mapiritsi, zomata pakhungu kapena jelo, ndipo amakhuthalitsadi khungu ndi kuchepetsa kuuma. Koma sitiwapereka chifukwa cha khungu lokha. Amaperekedwa kwa mayi amene kutentha thupi ndi thukuta la usiku zamusowetsa mtendere, kapena amene wasiya msambo msanga kwambiri asanafike zaka 40 kapena 45. Mu 2002 kafukufuku wa Women's Health Initiative ku America anaonetsa kuti mtundu wina wa mapiritsiwa umakweza pang'ono chiopsezo cha khansa ya m'mawere, magazi kuundana ndi sitiroko, amayi ambiri anasiya ndi mantha, koma atawunikanso anapeza kuti kwa mayi wosakwana zaka 60 amene sanathe zaka 10 chisiyire msambo, nthawi zambiri ubwino umaposa chiopsezo. Mayi amene ali ndi chiberekero sapatsidwa estrogen yokha, amaphatikiza ndi homoni ina yotchedwa progestogen kuteteza chiberekerocho. Amene anadwalapo khansa ya m'mawere, sitiroko, kuundana magazi kapena matenda a chiwindi sayenera. Iyi ndi nkhani yokambirana ndi dokotala wa amayi, osati yogula pa WhatsApp.

Pa WhatsApp pomwepo pali ufa wa collagen womwe akuutsatsa kwambiri. Mukaumwa m'mimba umagayidwa ngati ndiwo ina iliyonse ya nyama, supita kumaso mwachindunji, ndipo kafukufuku wambiri wouyamikira amalipiridwa ndi ogulitsa omwewo. Ine ndalama imeneyo ndingagulire usipa, mazira, nyemba, soya ndi nandolo wathu yemweyu, kuphatikiza magwafa, mapapaya, malalanje ndi chinanazi cha ku Mulanje, chifukwa popanda vitamini C thupi silingapange collagen. Usipa wodya ndi minga yomwe ukupatsaninso kashiamu wa mafupa. Fodya, kaya wosuta kaya wofwenkha, musiyeni. Chodzola chimene chili ndi umboni weniweni woti chimadzutsa collagen ndi tretinoin ndi mng'ono wake retinol, wopaka usiku pang'ono kwambiri, koma amayamba ndi kusupula ndipo pakhungu lakuda akapsereza amasiya mabala, nde kwa munthu wogwira ntchito padzuwa ngati inu ndinganene kuti yambani ndi Vaseline ndi chipewa kaye.

Komabe si kuyabwa kulikonse kwa zaka 51 komwe kuli kwa mahomoni, apa ndi pomwe ambiri amachedwera. Ngati mwachita zonsezi mwezi wathunthu osasintha, kapena ena m'nyumba akukandanso makamaka pakati pa zala ndi m'chiuno, ganizirani mphere. Mukamamva ludzu, kukodza pafupipafupi, kuonda, yezetsani shuga. Kufooka ndi zikhato zoyera ndi kuchepa magazi. Kumva kuzizira, kunenepa, kudzimbidwa ndi khungu louma zingakhale za chithokomiro. Maso achikasu kapena mapazi otupa ndi chiwindi kapena impso. HIV nayo imayabwitsa khungu, ngati papita nthawi musanayezetse yezetsani. Ndipo khungu likada nkukhakhala ngati lapsa m'malo okhawo ofika dzuwa, kuzungulira khosi ngati mkanda ndi kuseri kwa manja, pamodzi ndi kutsegula m'mimba, chimenecho ndi chiwawu, kusowa kwa vitamini B3 mwa anthu odalira nsima yoyera popanda ndiwo zokwanira, ndipo amene akumwa isoniazid woteteza TB chimawapeza mosavuta. Chimachizika ndi mapiritsi. Bala losapola mwezi, kapena kadontho kakuda kopondera phazi kapena pansi pa chikhadabo kamene kakukula, musadikire. Zambiri mwa izi angakuyezeni pa chipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Mulanje, ku Malamulo kapena ku Mulanje Mission, zikavuta amatumiza ku kiliniki ya khungu ku Queens.

Chomaliza, ndipo ichi musachiiwale olo muiwale zina zonse. Poti mwadutsa chaka osasamba, magazi alionse otuluka kumusi kuyambira pano, olo kadontho pa kabudula wamkati, olo pambuyo pogonana, si msambo wobwerera. Nthawi zambiri chimakhala kupyapyala kwa khungu komwe kuja, koma Malawi ali m'gulu la mayiko omwe khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, nde pitani sabata yomweyo. Mukafika muwauze zaka zanu ndi kuti munasiya msambo, chifukwa kuyeza kwa viniga kuja, VIA, sikuona bwino mwa mayi wopitirira zaka 50, malo omwe khansa imayambira amakhala atalowa mkati mwa khomo. Afunseni ngati angakuyezeni kachilombo ka HPV koyambitsa khansayi kapena kuyeza timaselo ta pakhomopo, komwe amati Pap smear, kapena akutumizeni komwe amayeza.